Funsani Amalume: za mbalame, madambo ndi maploti

Mwezi watha ndinangotchulako pang'ono chabe kuti Loweruka lina ndinalawira mbandakucha kukaona mbalame ndi anzanga, basi foni yanga sinapumenso. Ena mwanyoza, ena mwafunsa zenizeni, ndipo wina wa ku Matero mpaka anafunsa ngati penshoni yayamba kundizunguza mutu. Ndasankhapo angapo. Maina ndachotsa ngati mwa masiku onse, ndipo mauthenga ena ndawadula pang'ono chifukwa ena a inu mukayamba kulemba mumachita ngati mabandulo ndi aulere.

Amalume, mwana wanga wamkazi ali ku koleji ndipo manje walowa kagulu koona mbalame. Loweruka amanyamuka kusanache, kubwera masana nsapato zili matope okhaokha, m'manja mulibe olo njiwa imodzi yoti tiotche. Ine ndinakulira ku Katete, mbalame timaidziwa ili m'mbale pambali pa nsima. Kodi izi si za azungu ndi anthu a kumayadi osowa chochita? Kapena kuli kamnyamata kumeneko?
*Bambo wa ku Kanyama*

Achimwene, za kamnyamatazo funsani mayi ake, azimayi amadziwa zinthu zimenezi ife tisanatsuke nkomwe m'kamwa. Ine ndiyankha za mbalame.

Poyamba ndikuvomereni pang'ono. Bungwe limene limayendetsa maulendo ambiri oterewa kuno, BirdWatch Zambia, linayamba mu 1969 likutchedwa Zambian Ornithological Society, ndipo zaka zambiri amene ankaoneka kwambiri mmenemo anali azungu, a mafamu ndi aphunzitsi obwera. Ndiye mukamati zinali za azungu simunaname kwenikweni. Koma pitani lero mukaone amene akutsogolera, ndi ana athu omwewa ochokera ku UNZA, ku Copperbelt University ndi m'makomboni momwe. Ndiponso ife a zaka zathuzi tisamadzinamize, ndani sanamvereko Chongololo pa wailesi ali mwana? Makalabu a Chongololo ophunzitsa ana za chilengedwe aja anayamba cha m'ma 1970 m'masukulu athu omwewa a boma, si a kumayadi okha ayi.

Koma chimene chandisekesa mu uthenga wanu ndi chakuti inuyo mumadziwa mbalame kuposa mwana wanuyo, kungoti simunaganizepo kuti ndi nzeru. Munthu wokulira ku Katete, woweta ng'ombe m'dambo, amadziwa kuti chisa cha nantchengwa ndi chimulu cha mitengo pamphanda ndipo sitigwetsa. Amadziwa kulira kwa nsadzu ikamakuitanira ku njuchi, ndi mwambo woti ukafula uisiyireko yake apo ayi tsiku lina idzakutsogolera kwa njoka. Amasiyanitsa nkhwali ndi zinziri zitangouluka, amadziwa kuti lumbe amakhala pansi pa msewu usiku maso ali psuu, amadziwa kuti nthengu ndi kambalame kakang'ono koma kamathamangitsa kabawi. Mwana wanuyo zimenezi akuziphunzira m'buku ndi pa foni, ndi maina a Chingerezi olumitsa lilime. Chimene iye akukuposani ndi chimodzi basi, iye amalemba. Amalemba tsiku, malo, mtundu, ndi kuchuluka kwake. Inu zanu zili m'mutu ndipo mudzapita nazo.

Kulembako ntchito yake ndi iyi. Dziko lathu lili ndi mitundu ya mbalame yoposa 750, ndipo pali malo 42 amene anazindikiridwa kuti ndi ofunika kwambiri kwa mbalame, monga Kafue Flats, Bangweulu, Lukanga, Chisamba ndi ena. Malo amenewa sanasankhidwe pa maloto, anasankhidwa chifukwa anthu anakhala akuwerenga zaka ndi zaka. Mu January ndi mu July anthu amapita ku Lochinvar ndi ku Blue Lagoon kukawerenga mbalame za m'madzi, ena pa bwato ena wapansi matope mpaka m'mawondo. Kumeneko kuli chimbalame chachitali cha ndevu zolendewera chimene pa Chingerezi amati wattled crane, ndipo Kafue Flats ndi amodzi mwa malo amene zatsala zambiri pa dziko lonse. Kuchokera pamene anamanga damu la Kafue Gorge ndi la Itezhi-Tezhi m'ma 1970, kasefukiridwe ka madzi m'chigwamo kanasintha, ndiye chitsamba china chaminga chochokera ku America chotchedwa Mimosa pigra chinayamba kudzaza malo odyera mbalame, nyama za lechwe ndi ng'ombe za anthu zomwe. Amene ankaona kuti malo akutsekeka chaka ndi chaka anali oyenda kumeneko ndi kabuku omwewa, ndipo pamapeto pake anthu a m'midzi yozungulira analembedwa ntchito yodula chitsambacho. Ku Bangweulu nako asodzi ena amalipidwa kulondera zisa za shoebill, chimbalame cha mlomo ngati jombo chija, kuti anthu asabe anapiye ake. Ku Mfuwe kuli anyamata amene akudyetsa mabanja chifukwa chodziwa kulira kwa mbalame, alendo amalipira madola kuti awaonetse.

Sindikunena kuti mwana wanu adzalemera nazo, mwina adzangokhala ngati ine, nsapato zamatope ndi kabuku konyowa. Koma Loweruka likubwerali mupite naye. Muone mmene anzake adzakuzungulireni mukadzayamba kutchula maina a kwathu, chifukwa ambiri a iwo pumbwa amamudziwa kuti bulbul basi.

Malume, ndine mphunzitsi ndipo ndikufuna kuyambitsa kagulu ka ana ndi makolo awo kuti tiziyenda kuona mbalame kamodzi pa mwezi. Vuto ndi lakuti mabainokyula ndi odula, motoka tilibe, ndipo ineyo ndimadziwa khwangwala ndi nkhunda chabe. Tiyambire pati?
*Mphunzitsi wa ku Chelstone*

Asisi, yambirani kuseri kwa sukulu yanu yomweyo. Ndikunena zoona. Anthu ambiri amafa ndi maganizo oti ulendo woyamba uyenera kukhala wa ku Lochinvar, ndiye amayamba kusonkhetsa za basi, makolo atatu alipira ena makumi awiri ati tidzaona pa mapeto a mwezi, chaka chatha osapita kulikonse. Sankhani kanjira kamodzi koyenda wapansi, kodutsa pa mitengo, pa udzu ndi pamene pamaima madzi ngati alipo, ndipo muziyenda komweko mwezi ndi mwezi, nthawi yofanana. Kanjira kamodzi koyendedwa ka 12 pa chaka kamanena zambiri kuposa maulendo akutali awiri ojambulitsa zithunzi.

Nthawi ndi 6 koloko m'mawa, pofika 9 dzuwa latentha mbalame zakhala chete ndipo ana ayamba kufunsa za vitumbuwa. Gulu lisapose anthu 15, akachuluka agaweni pawiri, apo ayi muzingoona michira ya mbalame zikuthawa. Ana avale zovala zosawala, ndi nsapato zotseka osati mapatapata, udzu wa dzinja uli ndi eni ake. Bainokyula imodzi kapena ziwiri zikwanira gulu lonse, muzisinthana. Mukafuna kugula yang'anani yolembedwa 8x42 kapena 8x32, zija zolembedwa manambala akuluakulu ogometsa zimanjenjemera m'manja mwana sangaone kanthu. Koma kunena zoona theka la ntchito ndi makutu. Mwiyo simudzamuona kawirikawiri, amabisala m'chitsamba, koma kuyankhana kwa mwamuna ndi mkazi wake mwana akakumva kamodzi saiwalanso.

Za kusadziwa maina musade nkhawa. Pa foni pali Merlin, ndi yaulere, imakufunsani kukula kwa mbalame, mtundu wa nthenga ndi pamene mwaiona kenako imakuonetsani zithunzi musankhe. Ikani pamene muli pa wifi chifukwa imadya mabandulo poyamba pokha. Imaphonyanso nthawi zina, makamaka pa kulira kwa mbalame za kuno, ndiye musamailambire. Zimene mwaona mukhoza kuzilemba pa eBird kapena BirdLasser kuti zikasungidwe pamodzi ndi za anthu ena, koma kabuku ka pepala kakhalepobe, foni imatha moto ndipo malaiti mukudziwa mmene amachitira. M'kabukumo musiye mzere wa dzina la kwathu. Mwana aliyense akafunse agogo ake, wina abweretsa la Chichewa, wina la Chibemba, wina la Chitonga kapena Chisoli, ndipo mudzaona makolo amene ankakana kubwera akuyamba kukangana kuti ayi iyo si timba ndi phwiti.

Mukazolowera, a BirdWatch Zambia amakhala ndi maulendo a pa mwezi kuzungulira Lusaka, afufuzeni pa Facebook ndipo muwapemphe wina adzayende nanu tsiku limodzi. Malo apafupi alipo, Goma Lakes pa UNZA ndi basi imodzi kuchokera kwanuko, Munda Wanga ku Chilanga, ndi Lusaka National Park imene inatsegulidwa mu 2015 cha ku Leopards Hill uko, yokula mahekitala oposa 6,000, ilibe mikango ndiye makolo asachite mantha. Ndipo musaseke, maiwe a zonyansa za m'tauni ndi amene amakhala ndi mbalame za m'madzi zambiri, abakha a m'tchire, akakowa ndi tina tamiyendo italiitali tochokera ku Ulaya, kungoti pemphani chilolezo kaye ndipo ana asagwire madziwo.

Masiku oti muike pa kalendala, Loweruka lachiwiri la May ndi lachiwiri la October ndi masiku a mbalame zosamuka ndipo ndi pomwenso anthu pa dziko lonse amapikisana kulemba mitundu yambiri pa eBird tsiku limodzi. Ya October ndiyo yokoma kuno chifukwa alendo amakhala ayamba kufika. Pa 2 February ndi tsiku la madambo.

Amalume thandizeni. Kadzidzi wakhala akulira pa denga pathu sabata yachitatu tsopano. Apongozi anga akuti watumidwa ndipo tiitane abusa, amuna anga akuti aika poizoni. Ine tulo sindikugona, mwana wathu wamng'ono anadwala sabata yatha.
*Mayi wa ku Garden*

Pepani amai ndi matenda a mwana, ndikhulupirira munapita naye ku kiliniki, ngati simunatero siyani kuwerenga izi mupite kaye.

Ine sindilimbana ndi apongozi anu, nanenso ndinakula ndikumva kuti kadzidzi akalira pa mudzi ndiye kuti maliro ali pafupi, ndipo mpaka lero akalira pafupi tsitsi limayamba laima kenako nzeru zimabwera pambuyo. Pempherani, palibe choipa. Koma funsani funso limodzi, pa nyumba panu kapena kwa aneba pali makoswe? Ku Garden ndikudziwa yankho kale. Kadzidzi woyera nkhope uja, wolira mokuwa ngati munthu akukanda lata, chakudya chake ndi makoswe ndi mbewa, ndipo amakonda kuikira mazira m'siling'i ndi m'mabowo a nyumba. Ngati phokoso likumveka ngati mkonono kapena kupuma kwa munthu wodwala chifuwa, amenewo ndi anapiye akupempha chakudya, pakapita masabata angapo adzauluka n'kupita. Akachoka mutseke bowolo ndi waya, nkhani yatha. Wina uja wamkulu wa timanyanga pamutu, mukukumbukira nthano ija, mbalame zonse zinkamuopa ati ali ndi nyanga mpaka nthengu anakamugogoda n'kupeza kuti ndi nthenga chabe.

Poizoni yekhayo ayi, auzeni bambo a kunyumba. Poizoni woikidwa pa nyama pabwalo amayamba wapha galu wa aneba, mphaka, nkhuku, ndipo muli ndi mwana wamng'ono. Ngakhale mankhwala a makoswe omwewa, khoswe akadya amayenda ali dzandidzandi, kadzidzi amamugwira mosavuta n'kufa nayenso, ndiye mwapha mlonda amene samafuna malipiro. Ngati zavutitsitsa kapena mwapeza kamwana kake kagwa pansi, a dipatimenti ya nyama za kutchire ali ku Chilanga, ndi ntchito yawo.

Amalume, kuseri kwa nyumba zathu kuli dambo. Pamene tinabwera kuno kunali bango, achule, akakowa ambiri ndi timbalame tofiira tija ta m'dzinja. Manje anthu ena abwera aika mabikoni, akuthira miyala ndi zinyalala kuti pakwere, ati ndi maploti. Tikafunsa akuti mapepala ali nawo. Ife a gulu la amai a pa mpingo zikutiwawa koma tingachite chiyani, ifenso ndife obwera tinagula chimodzimodzi.
*Amai a kummawa kwa Lusaka*

Uthenga uwu ndauwerenga katatu, makamaka mawu omalizawo. Mwanena chilungamo chimene ambiri timachithawa. Tonse tikufuna ploti, inenso nyumba yanga inamangidwa pamene panali mitengo ya misuku, ndipo munthu amene akulipira renti ya zipinda ziwiri ndi ana asanu simungamuuze kuti asamange chifukwa cha kakowa, adzakuyang'anani ngati mwapenga ndipo adzakhala ndi chifukwa. Ndiye mukapita kukalankhula musayambe ndi mbalame. Yambani ndi madzi.

Lusaka inakhala pa miyala ya laimu imene ili ndi mabowo ndi ming'alu pansi, ndi chifukwa chake tikakumba chitsime timapeza madzi msanga, ndipo gawo lalikulu la madzi a mu mzinda uno limachokera m'zitsime zobowola, ena ndi amene amapopedwa kuchokera ku Kafue. Dambo ndi pamene madzi a mvula amaima, n'kulowa pansi pang'onopang'ono, bango ndi udzu zikusefa. Mukathira miyala ndi simenti pamenepo zinthu zitatu zimachitika. Madzi amene ankaima pamenepo amakafuna poima pena, ndipo penapo ndi pabalaza panu, madzi saiwala khwawa. Chachiwiri zitsime zanu zimayamba kuuma mu October. Chachitatu, ndipo ichi ndiye choopsa, zimbudzi ndi masokawe a nyumba zatsopanozo zimakhala m'madzi momwemo amene mukumwa. Tonse tinaona January wa 2024, bwalo la Heroes litasanduka chipatala cha kolera ndipo ana anakhala kunyumba mpaka February. A ku Kanyama ndi Misisi angakuuzeni bwino za kugona pa tebulo mvula ikagwa. Ngakhale amene wagula plotiyo ndi mnzanu pa nkhaniyi, kungoti sanadziwe, nyumba yake idzakhala ndi chinyezi m'makoma chaka chonse.

Kodi anthu wamba anaimitsapo zoterezi? Nkhani ya Forest 27 ndi ya kwanu komweko. Nkhalango ija ya kummawa kwa mzinda ndi kumene kumachokera mtsinje wa Chalimbana umene umathira mu Chongwe. Inachotsedwa pa chitetezo mu 1983, mtsinje unayamba kuvuta, anthu a m'mbali mwake anasaina pempho ndipo mu 1996 inabwezeretsedwa. Kenako pakati pa 2017 ndi 2019 zigawo zina zinadulidwanso n'kukhala maploti, anthu a ku Chalimbana ndi a ufumu wa Asoli anakana, nkhani inafika ku khoti ndi m'manyuzi, ndipo nyumba zina zinamangidwabe. Ndiye sindikunamizani kuti mukadandaula basi mwawina. Koma onani kuti kawiri konse chimene chinapangitsa kuti nkhani imveke ndi anthu okhala pompo amene ankatha kunena kuti kale madzi ankafika apa, lero afika apa.

Apa ndi pamene kuona mbalame kumalowa. Gulu lanu la amai liyambe kuyenda m'mbali mwa dambolo kamodzi pa mwezi, mutenge ndi achinyamata a pa mpingo amene amadziwa kujambula ndi foni. Jambulani mutaima pa malo amodzimodzi nthawi zonse, pooneka mtengo kapena nyumba yodziwika, kuti chithunzi cha March chaka chino chidzafanizidwe ndi cha March chaka chamawa. Lembani pamene madzi afika, tsiku limene aphwa, ndi mbalame zimene mwaona. Timbalame tofiira mukunenato ndi ma bishop, amuna amafiira m'dzinja pokha pofuna akazi ndipo amamanga zisa m'bango, bango likatha nawonso apita. Nantchengwa akasiya kubwera ndiye kuti achule atha. Munthu wonena kuti kale kunali bwino amangomvedwa ngati gogo wodandaula, koma wobwera ndi kabuku ka miyezi 18 ndi zithunzi za madeti ndi wovuta kumubweza pa khomo.

Kenako lembani kalata, osati kungoimba foni. Ipite kwa khansala wanu ndi komiti ya chitukuko ya wadi, ina ku khonsolo, ina ku ZEMA amene amayang'anira za chilengedwe pansi pa lamulo la 2011, ina ku WARMA a za madzi. Funsani mwaulemu ngati malowo anaikidwa kuti ndi omangapo nyumba, ndipo ngati ndi ntchito yaikulu, ngati kafukufuku wa mmene idzakhudzire chilengedwe anachitika, chifukwa lamulo limapereka mpata woti anthu anenepo maganizo awo. Kalata iliyonse musunge kope yodindidwa. Musainire ambiri, mutu umodzi susenza denga, komanso pa nkhani za malo si bwino kuti dzina limodzi lokha lizioneka. Ndipo chonde musakazule mabikoni usiku kapena kukangana ndi anyamata othira miyala, iwo atumidwa chabe ndipo mlandu udzatembenukira inu.

Chimene mungachite mawa lomwe popanda chilolezo cha munthu ndi kusiya kutayako zinyalala inu eni ake. Pepani kunena, koma madambo ambiri amayamba kufa ndi madayapa ndi mapulasitiki a anthu oyandikana nawo, ndiye wogawa maploti akabwera amati mwaona, ndi pa dzala chabe apa.

Malume mdzukulu wanga wa zaka 11 malegeni sachoka m'khosi, tsiku lililonse abwera ndi timbalame m'thumba. Ndimukwapule?
*Agogo a ku Mtendere*

Ayi agogo, mukamukwapula azingokaotchera kwa anzake. Ndipo tinene zoona, tonse tinapha, ine ulimbo ndinkautcha bwino kuposa masamu. Mwana wa malegeni ndi amene ali ndi maso akuthwa pa komboni yonse, amadziwa pogona mbalame, pomwera ndi nthawi yake. Mupatseni ntchito. Muuzeni kuti pa mtundu uliwonse watsopano umene akuonetseni uli moyo n'kuulemba pali kenakake, olo ka K2.

Ndipo mumuuze za alendo, ana amagoma nazo. Nanzeze amene amadzaza pa mawaya a malaiti kuyambira October, ambiri a iwo amaswana ku Ulaya, kambalame kolemera magalamu 20 chabe kamadutsa chipululu cha Sahara kubwera kuno. Adokowe akuda a mimba yoyera amene amatera m'mabwalo a mpira mvula ikayamba amachokera kumpoto, kuyambira ku Senegal mpaka ku Ethiopia, ndipo amadya ziwala ndi mbozi za m'minda. Pali kakabawi kena kotchedwa Amur falcon kochokera ku Siberia ndi kumpoto kwa China, kamapuma ku India kenako kamaoloka nyanja yamchere osatera mpaka ku Africa, kudzadya inswa zathu zomwezi. Ku Nagaland ku India anthu ankazigwira ndi maukonde masauzande ambirimbiri mpaka nkhani inaululika mu 2012, ndipo midzi yomweyo ndi imene inasanduka alonda ake, lero alendo amapita kukaziona. Mwana akamva kuti kanthu kayenda ulendo wonsewo, dzanja limalemera pang'ono pokoka mphira. Pang'ono chabe, musayembekezere zozizwitsa.

Amalume, tinakangana pa bawa. Mbalame ili pa kakobili ka K1 ndi chiyani? Mnzanga akuti ndi mwana wa nkhwazi.
*Mnyamata wa ku Kabwata*

Mnzanuyo agule raundi. Nkhwazi ili pa mbendera ndi pa ndalama za pepala. Ya pa K1 ya chitsulo imene inatuluka mu 2013 ndi Zambian barbet, ena amati Chaplin's barbet potengera dzina la mzungu wina wa nthawi ya atsamunda. Ndi kambalame koyera, kofiira mozungulira maso, mapiko akuda a timizere tachikasu, ndipo sikapezeka dziko lina lililonse koma Zambia, cha ku Choma, m'mbali mwa Kafue Flats, ndi ku Chisamba pafupi pompa. Moyo wake wonse uli pa mkuyu, kamadya nkhuyu ndipo kamaboola chisa mu nthambi youma ya mkuyu womwewo, ndiye munthu akadula mikuyu potsegula munda kapena kungosadza nthambi zouma za nkhuni, kalibenso kolowera. Vuto linanso mtundu wina wa nsadzu umakaikira dzira m'chisa chake kuti kalere mwana wa eni.

Mukafuna kukaona pitani ndi gulu ku mafamu a ku Chisamba, ndi malo a eni ake ndiye amayamba apempha, ndipo kumeneko mudzaonanso miimba chifukwa alimi ena anagwirizana zosiya kuika poizoni pa nyama zakufa. Ine ndinapita maulendo atatu osakaona, ulendo wachinayi tinaima pansi pa mkuyu ola lathunthu khosi kuwawa, titangotsegula mabotolo a maheu kuti tizipita ndi pamene tiwiri tinatulukira pa nsonga n'kuyamba kukuwa ngati tikutiseka.

Ndamanga ku Chalala, yadi yonse ndaika mapeva, manje mkazi wanga akudandaula kuti kulibe mbalame. Ndigule mbewu zotani zoziitanira?
*Bambo wa ku Chalala*

Musagule kanthu achimwene, zulani mapeva a pakona imodzi. Dzalani mtengo wa kwathu, mpundu, mchenja, msekese kapena katope ngati pamakhala chinyezi, mkuyu pokhapokha yadi ili yaikulu chifukwa mizu yake imathyola mpanda ndi sokawe. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 December, mbande zimapezeka m'manazale a m'mbali mwa misewu, kungoti muumirire ya kwathu chifukwa adzayamba akuonetsani timitengo tosongoka tija tosabala kanthu. Lantana musadzale olo akongole bwanji, mbalame zimamwaza njere zake ndipo amatsamwitsa tchire lonse. Ikani mbale yadothi yosazama pa mthunzi, madzi muzisintha masiku awiri alionse kuti udzudzu usaswane, ndipo ikhale poti mphaka sangabisale pafupi. Apumbwa ndi amene adzayambe kufika, mwina sabata yomweyo, ndipo mapapaya anu adzawalawa asanakufunseni.